Suti Yachikasu ya a Simati

Mwezi uno chakwana chaka chimwalirire a Simati, koma pamudzi pano zii, palibe amene watsegula pakamwa kunena za chiliza. Dzulo ndinadutsa kumanda pochokera ku sikimu ya mpunga ya Likangala, ndipo mtumbira wawo ndinachita kuufunafuna, udzu waumeza. Ndinaima pamenepo khasu lili paphewa, mtima n'kumandiwawa ngati maliro achitika lero. Chondiwawa si udzuwo ayi, udzu timalambula. Chondiwawa ndi zovala zimene munthu uja anagona nazo pansi pamenepo.

Dzina lawo la ubatizo linali Lusiyano, koma ankalitchula ndi akuluampingo okha. Tonsefe, kuyambira kwa Kuntumanji kuno mpaka kudooko, tinkangoti a Simati, chifukwa cha kutchena. Anali telala, makina awo opalasa ndi mapazi ankakhala pakhonde la nyumba yawo m'mbali mwa msewu wopita kunyanja. Ife amene tinasewera mpira wa ntchemberembaye m'manja mwawo tinkawaitana a Kochi. Sanakwatirepo ndipo analibe mwana. Zimenezi ndanenerathu chifukwa anthu akuno akamakamba za a Simati amayambira pomwepo, ambiri n'kutheranso pomwepo.

Moyo wawo wonse, chimene anapempha kwa anthu ndi chimodzi chokha. Kuseri kwa makina, pa msomali, pankakhala suti yokutidwa ndi pulasitiki, yachikasu ngati mkati mwa dzungu lokhwima, kunsi kwake nsalu yofiira yoterera. Anaisoka okha ndipo sanaivalepo, ngakhale pa Khirisimasi. Aliyense wobwera kudzayezetsa malaya ankamuonetsa.

"Iyi ndi ya ulendo," ankatero. "Tsiku langa likadzafika mudzandiveke imeneyi. Bokosi kaya likhale la mabango, nyimbo kaya musaimbe, zanu izo. Koma ndikafike kwa Mulungu nditatchena."

Anthu ankaseka, iwonso n'kuseka nawo. Ine ndekha anandigwira pamkono tsiku lina, n'kunena osaseka: "Iwe Esitere, pakamwa pako ndi pakuthwa. Udzaligwiritse ntchito lilime lakoli tsiku limenelo." Ndinavomera, ndinkayesa ndi nkhani yophweka.

Kuno ndi kumatope. Dzinja likafika, munthu amachoka panyumba ali munthu, kukafika kumsika ali ngati watuluka m'dambo. Koma a Simati ankavala nsapato zoyera. Zoyera mbee! Ankaziika m'jumbo n'kuyenda chosavala, thalauza atapinda mpaka m'mawondo, n'kukatsuka mapazi pa mjigo wa patchalitchi, kenako n'kulowa nsapato zikuwala, kampango kali m'thumba la pachifuwa, fungo la mafuta onunkhira litatsogola. Amuna anzawo, onunkha matemba ndi thukuta la sabata yonse, ankagwirana zigongono. Iwo ankati umphawi si chifukwa chovalira malaya osasita, pakuti makala a m'simbi ndi omwewo otsala pophika. Ankatinso munthu wovala mwauve ndiye kuti watukwana aliyense amene akumane naye panjira.

Musayese anali mngelo. Ha, munthu uja anali ndi mwano! Ukabwera ndi nsalu n'kunena sitayilo imene sanaikonde, ankakuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, n'kukuuza kuti thupi lako ndi sitayilo imeneyo n'zosayenerana, ukapeze telala wina wopanda chisoni. Madiresi a ukwati ankamaliza mkwatibwi ali kale m'bafa. Mayi wina wa kumpingo anayambana nawo chaka chathunthu chifukwa anamuuza kuti bulauzi yake ikuoneka ngati thumba la feteleza. Ine anandiliritsapo pamaso pa anzanga chifukwa ndinabwera kubwalo ndi siketi yong'ambika m'mbali. Anati wosasamala chovala chake sangasamale mpira. Ndinapita kwathu ndikulumbira kuti sindidzapondakonso, mawa lake ndinapeza siketi ija atazigamba bwinobwino, osaoneka n'pomwe.

Bwalo lathu la mpira linali munda wa malemu amayi awo, kuseri kwa nyumba, potsikira kudambo. Abale anadandaula kuti malo a mpunga akusanduka osewererapo ana, iwo osamva. Anadzika mitengo iwiri ya bulugamu, n'kukapinditsa mikombero yachitsulo kwa wokonza njinga, mizere n'kumalemba ndi phulusa. Malamulo a mpirawo anawaphunzira m'tauni ya Zomba, kumene anakhalako ali mnyamata akuphunzira kusoka. Madzulo mpunga ukatilola, tinkathamanga pamenepo fumbi kobo, iwo ali pakati ndi wezulo, malaya opisira, osadetsedwa n'kamodzi komwe.

Makolo athu ankatilola kupita, koma chifukwa chake n'chimene chimandinyansa mpaka lero. Aphunzitsi aamuna ankawaopa, abusa achinyamata ankawaopa, koma za a Simati ankati, "Asiyeni anawo apite, kumeneko kulibe mwamuna." Ankanena akuseka. Anyamata opita kubwalo la mpira wamiyendo akamadutsa ankakuwa, "Achemwali, siketi mwaiwala kuti lero?" Iwo osatembenuka n'komwe ankayankha, "Bwera ndikuyeze yako, nsalu yatsala." Ifenso sitinapulumuke. Anthu ankati atsikana a timu ya a Simati minofu idzawauma, sadzabereka, adzakhala achimuna. Ine ndabereka mpaka ndatopa, koma amene ankanenawo sanabwerepo kudzapepesa.

Kodi a Simati anali monga anthu ankanenera? Kaya. Sindinawafunsepo, iwonso sanandiuzepo. Chimene anthu anaona ndi nsapato zoyera, mafuta onunkhira ndi mpira wa akazi, basi mlandu n'kutha. Panali a Jakisoni, msodzi wa pa chilumba cha Chisi, chimunthu chachitali, manja okhakhala ngati chikwanje chadzimbiri, amene kale ankatchinga kumbuyo mu timu ya pachilumbapo mpaka kuthyola anthu miyendo. Anali ndi mkazi ndi ana. Lamlungu masana ankakocheza bwato lawo, n'kubwera ndi milamba yowamba, awiriwo n'kukhala pakhonde kumasewera bawo mpaka dzuwa kupendeka. Sankalankhulana zambiri. Chimene ndinaona ine n'chakuti a Simati, amene ankakalipira aliyense wokhudza nsalu ndi manja akuda, a Jakisoni sankawakalipira. Ndipo a Jakisoni palibe anawalozapo chala masiku amenewo, chifukwa munthu wonunkha nsomba, wothyola anzake miyendo, ndiye mwamuna weniweni kwa anthu akuno. Ngati panali china pakati pawo, chinali chawo. Chinalanda munda wa yani?

Zinthu zinaonongeka chaka chimene timu ya anyamata a m'mudzi muno inafika mu fainolo ya chikho chimene anaika bambo wina wofuna uphungu. Goloboyi komanso kaputeni anali Makisi, mwana wa mlongo wawo wa a Simati, amene iwo anamulera amayi ake atamwalira. Anyamatawo analibe yunifolomu, ankasewera ena atavula malaya. A Simati anakagula okha nsalu yoyera ku Zomba, n'kuinyika m'dayi wofiira, n'kusoka majezi a timu yonse, manambala kumbuyo osokerera ndi manja. Ndinawaona atayanikidwa pachingwe, ofiira psuu, mudzi wonse unabwera kudzaonerera. Powapereka anachenjeza kuti dayi ngwatsopano, asawanyike m'madzi, angovala.

Koma mpira wa kuno sumenyedwa ndi miyendo yokha. Akuluakulu a timu anatenga majezi aja kupita nawo kwa sing'anga wina kutsidya, kuti akawakhwimitse. Sing'angayo anawaviika mumphika wa zitsamba zosakaniza ndi phulusa ndi madzi a m'nyanja, n'kuwamanga m'thumba akadali onyowa, n'kulamula kuti thumbalo lisatsegulidwe kufikira pabwalo, ndipo mkazi asalikhudze. Tsiku la mpira anthu anadzaza, ena pa kabaza, ena pa mabwato kuchokera ku Chisi. Anyamata anapita kuseri kwa kalasi n'kumasula thumba. Abale inu! Majezi onse anali pinki, mawangamawanga, ngati madiresi a operekeza mkwatibwi.

Nthawi inali itatha, zovala zina panalibe. A Simati anathamangira komweko, anawagwira majeziwo n'kununkhiza, anadziwa chimene chachitika, koma sanakalipe. Anangoti, "Valani ana anga, mtundu sumwetsa chigoli." Anyamata atangolowa m'bwalo, ochemerera timu ya kumtunda anaphulika kuseka, ndipo posakhalitsa nyimbo inali itapekedwa kale: alongo ake a Simati afika, apatseni mpando asadetse madiresi. Ng'oma n'kumalira, bwalo lonse n'kumavina, ena a m'mudzi mwathu momwe akuseka chobisa nkhope. Anyamata athu anasewera maso ali pansi. Makisi, amene ankagwira mpira ngati ali ndi ulimbo m'manja, tsiku limenelo zigoli zinkangomulowa ngati matemba m'khoka.

M'mawa mwake ndinali pakhonde paja, ndimathandiza kusokerera mikanda pa diresi la ukwati. Anyamata aja anabwera gulu, Makisi patsogolo, majezi ali m'manja. Anawaunjika pamsewu, kuthira parafini, kuyatsa. Za sing'anga palibe anatchula. Nkhani inali yakuti manja a a Simati ndi atsoka, ndiponso kuti anachitira dala pofuna kusandutsa anyamata a m'mudzi kuti afanane nawo.

"Amalume, mwatichititsa manyazi dziko lonse," anatero Makisi. "Zamathanyula zanuzo zizithera pa inu nokha. Ine musadzanditchulenso mwana wanu."

Mawu amenewo anthu ankawanong'ona kuseri kwa zaka zambiri, koma pamaso pawo anali asanatulukepo. A Simati anasiya kupalasa makina. Anamuyang'ana Makisi n'kunena kuti, "Sunthirani uko motowo, utsi ukudetsa diresi la mwini." Anyamata aja atachoka, anatenga singano kuti apitirize ntchito, koma ulusi unkakana kulowa. Anandipatsira ine osandiyang'ana. Aka kanali koyamba kuti a Simati apemphe munthu kuwalowetsera ulusi.

Mvula ikakuona litsiro sikata. Makolo omwe aja ankati kumeneko kulibe mwamuna anatembenuka, akuti atsikana aphunzitsidwa kudana ndi amuna. Mmodzimmodzi anzanga analetsedwa, mpaka tinatsala owerengeka osakwana timu. A Kochi ankalembabe mizere ndi phulusa madzulo alionse, n'kuima pakati ndi wezulo kudikira, dzuwa n'kulowa. Akuluampingo anawaitanitsa kuti anene poyera chimene iwo ali. Anapita atatchena kuposa masiku onse, n'kuyankha kuti iwo ndi Lusiyano, telala, wobatizidwa mumpingo momwemo, ndipo ngati pali amene anawaona akuchita choipa aimirire anene. Palibe anaimirira. Sanawadule, koma kuyambira pamenepo benchi imene ankakhala m'tchalitchi inkakhala ya iwo okha, anthu n'kumapanikizana kumbuyo. A Jakisoni nawonso anasiya kubwera. Milamba yowamba inkafikabe mwa apo ndi apo, yotumizidwa ndi anthu a mabwato, yopanda uthenga.

Zaka zotsatira ndilibe nazo zambiri zonena, chifukwa munalibe kanthu. Kaunjika anadzaza pamsika, osoketsa anachepa, otsalawo ankapita kwa telala wina kuopa kunenedwa. Nyanja inaphwa, inabweranso, anthu anasamuka n'kubwerera, a Simati ali pakhonde pomwepo kuzigamba matumba a mpunga. Koma kusita sanasiye. Ndinkawapitira ndi ndiwo ndikapeza mpata, ndipo kangapo ndinawapeza atatsitsa suti ija, akuibweza m'chiuno ndi m'mapewa, chifukwa thupi linkatha. Ankadziyeza okha ndi tepi, n'kumadandaula kuti munthu sangadziyeze bwino kumsana. "Ndisakaoneke ngati ndabwereka," ankatero. Ulendo womaliza ndinawagwirira tepi ndine, ndipo ndinalira ndili kumbuyo kwawo kuti asaone.

Anamwalira nthawi yokolola mpunga, atadwala chifuwa. Anthu anabwera ndithu, pakuti kuno maliro sakanidwa, ndipo adzukulu anakumba manda. Ife amayi tinali m'nyumba ndi thupi. Mwambo wake mukuudziwa: nthawi yosambitsa ikakwana, ngati womwalirayo ndi mwamuna, amayi timatuluka, amalowa amuna kukamusambitsa ndi kumuveka. Mkazi sakhudza. Tinatuluka, ine n'kutsitsa suti pa msomali, n'kuima nayo pakhomo kudikira woti ndimupatse.

Amuna anali pansi pa mtengo wa mango, aliyense akuyang'ana mapazi ake. Wina akuti dzanja likumupweteka, wina akuti wangodya kumene mankhwala. Mwini mbumba tsopano anali Makisi, bambo wamkulu wa ndevu zake, ndipo anabwera ndi kajumbo m'manja. Munali thalauza lotuwa ndi malaya akhaki a pakaunjika, makwinya okhaokha.

"Alamu, kabwezeni icho," anandiuza, pakuti anakwatira msuweni wanga. "Amalume atichititsa manyazi ali moyo, zakwana. Apite ngati mwamuna."

Lilime lija ndinaligwiritsa ntchito, Mulungu ndi mboni. Ndinamukumbutsa amene anamulera, amene anamusokera yunifolomu ya sukulu, amene anagulitsa wailesi kuti iye akalembe mayeso. Ndinawafunsa amuna onse aja kuti ndani mwa iwo anakwatira osavala jekete losokedwa pakhonde limenelo. Ndinanena kuti mawu a womwalira saponderezedwa. Amayi anzanga anayamba kundikoka chitenje, akuti ndikusokoneza maliro, mkazi salankhula pamenepa. Makisi anangoti, "Ndiye mukawaveke nokha, tione." Ankadziwa kuti sindingalowe.

Pamenepo kumbuyo kwa gulu kunaimirira munthu. Anali a Jakisoni, atakalamba, msana utapindika, matope a kudooko akadali m'miyendo. Sindinadziwe n'komwe kuti abwera. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pakhomo, n'kupukuta manja awo pa thalauza, kupukutanso kachiwiri, n'kutambasula kuti ndiwapatse.

"Ndiwaveka ine," anatero. "Anali mnzanga."

Ndinawapatsa, mtima wanga n'kuti myaa. Koma asanaponde pakhomo, pansi pa mango paja wina anatsokomola, wina n'kunena mokweza ndithu kuti aliyense amve, "Ohoo! Ndiye bawo lija linali limeneli?" Panamveka kuseka, pamaliro, kuseka! Mwana wawo wa a Jakisoni, amene anawapalasira bwato, anaimirira n'kunena, "Ababa, tiyeni tizipita, mphepo iyamba." A Jakisoni anaima pamenepo suti ili m'manja, akuyang'ana chitseko. Kenako anaipinda bwinobwino monga ankapindira mwini wake, n'kuiika pa makina, n'kutembenuka. Sanafike n'kumanda komwe.

Analowa Makisi ndi mkulu wina wa mpingo, ndipo sanachedwemo. Poona nkhope, ndinaona kolala ya malaya akhaki aja itapindikira mkati, batani lapamwamba atalowetsa pa bowo lolakwika. Ndinatambasula dzanja kuti ndikonze kolala yokhayo, amayi ena anandigwira mkono. A Simati anapita choncho, ndi malaya osasita.

Anthu amati nthawi imasintha zinthu. Kwina mwina, kuno ayi. Mdzukulu wanga wamwamuna anakana juzi labwinobwino chifukwa lili ndi mzere wa pinki, akuti anzake amutcha Simati. Mwanayo sanachezepo nawo n'komwe, koma dzina lawo lasanduka chitukwano pabwalo la sukulu. Mtsikana wina wa kwa aneba amamenya mpira wamiyendo kuposa alongo ake onse, ndipo amayi ake ayamba kale kumufunira mwamuna kuti anthu asiye kulankhula.

Ndikamachokera kumunda ndimadutsa panyumba paja. Makina anagulitsidwa, pakhonde patsala timaenje tinayi pamene miyendo yake inadya simenti, ndi msomali uja pakhoma. Mbuzi zimagona pamenepo masana. Kuseri, bwalo lathu Makisi analilima, wabzalamo mpunga, mizere ya phulusa inapita ndi khasu loyamba. Mtengo umodzi wa bulugamu anazula n'kuwaza nkhuni. Winawo anausiya pakati pa munda, mkombero wake wachita dzimbiri, ndipo anaukhomera thabwa lopingasa. Pamenepo ndi pamene pali jekete lachikasu lija, manja ali tambasu, kuti liziopseza mpheta. Dzuwa lalitulutsa mtundu, nsalu yofiira ya mkati ikulendewera. Mpheta zinalizolowera kalekale, zimatera pamapewa pake n'kumadya mpunga.